Duu ndi Envulopu ya Mng'ono Wake

1. Khoma la pabalaza

Pakhoma la pabalaza kwawo kwa Duu panali misomali isanu, ndipo pa msomali uliwonse panapachikidwa satifiketi ya mng'ono wake. Ya masamu, ya sayansi, ina ya mpikisano wa mtsutso. Ya Duu panalibe ngakhale imodzi. Chokhacho chimene iye ankachikhudza pakhomapo ndi kalendala, poti ndiye ankang'amba tsamba mwezi ukatha.

Dzina loti Duu anamupatsa ndi aphunzitsi akupulaimale, chifukwa akafunsidwa funso ankangoti duu, maso pansi, ngakhale yankho akulidziwa. Dzinalo linamukanirira mpaka kusekondale. Mng'ono wakeyo anthu ankamutcha Dokotala, chikhalirecho anali asanagwireko ngakhale jakisoni.

Chaka china Duu anadwala nabwereza kalasi, mng'ono wake n'kumupeza. Kuyambira pamenepo ankakhala desiki limodzi, ndipo mayeso otsiriza a kusekondale analembera chipinda chimodzi. Zotsatira zitatuluka, onse awiri anakhoza. Koma alendo obwera kudzayamikira ankamudutsa Duu pakhomo ngati akudutsa chitseko.

"Ali kuti Dokotala wathu?"

"Ali mkatimo," Duu ankayankha, kenako n'kupita kukawatereka madzi a tiyi.

Dokotala analemba fomu yofunsira malo kusukulu ya zaumoyo ya mumzinda waukulu. Fomuyo inkayenera kukaperekedwa pamanja, ndipo tsiku lomaliza linali Lachisanu. Lolemba la sabata yomweyo iye anagwa panjinga, mwendo n'kuuika m'chikhakha. Womusambitsa, womukanda ndi waya mkati mwa chikhakhamo, womunyamula kupita kuseri, anali Duu.

"Amalume anu akupita kumzindako ndi mazira Lachisanu," anatero bambo pachakudya. "Akatula fomuyo ndi iwowo."

"Ayi, bambo. Apite achemwali."

"Chavuta n'chiyani ndi amalume ako?"

"Aidetsa ndi mazira. Apite achemwali basi, apo ayi fomuyo ikhale."

Bambo anaseka. Dokotala akakakamira chinthu m'nyumba muja ankati ndi mwana wodziwa chimene akufuna. Kenako bambo anapukuta m'manja nanena mawu amene anali atawanena kale kawiri.

"Chabwino. Koma mukumbukire kuti m'nyumba muno apita ndi mmodzi, wina atsala. Amayi anuwa maso aja saonanso bowo la singano. Makina osokerawa akafuna munthu."

Palibe amene anafunsa kuti wotsalayo ndani. Duu anasonkhanitsa mbale.

2. Lole ya mazira

Duu anali asanapondeko mumzinda waukulu. Kumapeto kwa kope lake lakale la sayansi analembako zinthu zitatu zoti akachite: kukwera chikepe, kulowa mulaibulale yaikulu, ndi kujambulitsa pa mlatho wa anthu oyenda pansi umene anzake ankausimba. Chithunzicho ndiye chinali pamtima. Msomali wachisanu ndi chimodzi anali atausunga kale m'kabati ya makina osokera.

Ananyamuka kutangoyera. Dokotala anamupatsa envulopu yofiirira, yomata bwino ndi selotepi.

"Musaitsekule, achemwali. Musaipindenso."

"Ndamva, bwana," anatero Duu chapansipansi.

Lole ya amalume inkayenda ngati yanyamula wodwala. Pa dzenje lililonse amalume ankakweza mapewa n'kumvetsera kumbuyo ngati dzira lina lalira. Njinga zamoto zinkawapitirira, ena akuwaimbira belu mowaseka.

"Asiye athamange," anatero amalume. "Iwowo akagwa amadzuka. Dzira silidzuka."

Atayandikira mzinda, nyumba zitayamba kukwerana, amalume anatsitsa wailesi.

"Tsopano tamvera, mphwanga. Ine ndakhala ndikulowa mumzinda uno zaka khumi ndi zisanu, koma sindinauonebe wonse. Iwe uli ndi maola asanu ndi limodzi. Mzinda ndi wakuba nthawi. Umati ndingoima pang'ono ndione nsapato pagalasi, podzayang'ana wotchi ola lapita. Ndiye yamba ndi chimene wadzera. Ukatula katundu wa mwini wake, zotsalazo ndi zako, uziyenda manja ali lende, mtima uli m'malo. Ukayamba ndi zako, katundu uja amalemera ola lililonse. Usawoloke msewu loboti isanakulole, ngakhale uone ena akuwoloka. Iwowo mafupa awo ndi a konkuno. Ukasokera usafunse munthu wokuthamangira, funsa amene ali pantchito yake. Ndipo chonde, pakamwa pakopo utsekuleko lero. Kuno wokhala chete amamuyesa mzati. Ikamakwana 3 koloko ndikupeze pageti la depoti ya mazira, pomwe ndikutsitse. Ine sindidikira, mathireyi a mazirawa akufunika kufamu dzuwa lisanalowe."

"Ndamva, amalume."

"Wamva ndi makutu kapena ndi mtima?"

Duu anangomwetulira. Amalume anamujambulira njira kuseri kwa katoni: maloboti awiri, mlatho, kenako nyumba yaitali ya magalasi obiriwira.

3. Mzere wopanda womaliza

Mzinda unamulandira ndi phokoso. Mabasi, mahutala, anthu oitanira malonda, fungo la utsi ndi la buledi wotentha. Aliyense ankayenda ngati wasiya mphika pamoto. Duu anaikumbatira envulopu pachifuwa n'kumayenda m'mbali mwa makoma.

Pa mlatho uja anapezadi wojambula, kamera ili m'khosi, zithunzi za anthu osekerera atazimata pabolodi.

"Asisi, chimodzi chokha! Mzinda wonse kumbuyo kwanu!"

Duu anachepetsa liwiro, koma anakumbukira mawu a amalume napitirira.

Panyumba ya magalasi obiriwira mlonda anamulozera chikepe. Zitseko zitatsekeka, m'mimba mwake munatsalira pansi, iye n'kugwira chitsulo ndi manja awiri. Atsikana awiri ovala yunifolomu yoyera ya pasukulupo anayang'anizana n'kubisa kuseka. Anali ndi timawotchi tolendewera pachifuwa, ndipo ankakambirana za mayeso awo osayang'ana n'komwe mabatani. Duu anawayang'ana nsapato. Chaka chamawa, wotsika chikepe chimenechi mosagwira chitsulo adzakhala Dokotala. Iye adzakhala akusokerera mabatani a malaya a eni ake.

Pansanjika yachisanu panali holo yodzaza anthu, mabenchi aatali, ndi mawindo atatu a makalaliki. Duu anachita monga amachitira kuchipatala ndi kuchigayo kwawo. Anayandikira mayi wina wa kumapeto kwa benchi.

"Pepani, womaliza ndi inu?"

Mayiyo anali pafoni. Anangogwedeza mutu osamuyang'ana. Duu anakhala pambali pake, mtima pansi, poti malo ake anali atadziwika.

Anadikira. Kabelu kankalira, munthu n'kudzuka pakati pa benchi, wina kumbuyo, wina wongolowa kumene pakhomo. Duu anaona kuti anthu a mumzinda alibe khalidwe, amalowerera mzere poyerayera. Mayi uja anadzuka, anathandizidwa, anapita. Duu anasendera pamalo pake. Palibe anamuitana.

Patatha ola ndi theka, ndodo ya chokolopera inagogoda mwendo wa benchi.

"Kweza mapazi, mwanawe. Nambala yako ndi chiyani?"

Anali mayi wachikulire wa ovolosi yabuluu, wokolopa m'nyumbamo, akukoka ndowa ya matayala.

"Nambala?"

"Mayo ine! Wakhala pano chifikire wopanda nambala? Kuno kulibe womaliza. Ukadina makina ali pakhomowo, akulavulira kapepala, ndiye uziyang'ana manambala ofiira ali pamwambawo."

Mnyamata wina wa benchi lakutsogolo anatembenuka. "Akudikira kuti awaitane ndi dzina la agogo awo!" Anthu angapo anaseka.

Makutu a Duu anatentha. Anapita kukadina makinawo. Kapepala kanatuluka: 214. Manambala ofiira pakhoma ankati 139.

4. Pansi pa benchi

Wotchi ya m'holomo inkati 11 koloko yadutsa. Duu anawerengetsa ndi zala. Anthu makumi asanu ndi awiri ndi mphambu, makalaliki atatu, mmodzi mwa iwo atatseka kale windo kupita kukadya. Tsiku lake lonse, tsiku limodzi lokhalo, likathera pabenchi pano chifukwa cha munthu amene adzakhale mumzinda uno zaka zitatu.

Anayang'ana envulopu ija. Pakona panali zilembo zopendekera za Dokotala, zoyera bwino, zimene aphunzitsi ankazionetsa kalasi lonse.

Mumzinda zinthu zimasowa. Aliyense kwawo ankadziwa zimenezo. Ndani angadabwe kuti Duu, Duu yemweyu, wataya envulopu mumzinda? Bambo angakalipe sabata imodzi. Dokotala angalire. Kenako chaka chino m'nyumba muja simungapite munthu, ndipo pamakina osokera angakhale awiri.

Anayang'ana kumanzere. Anayang'ana kumanja. Anawerama ngati akumanga chingwe cha nsapato, n'kuitsetsereza envulopuyo pansi pa benchi, kufupi ndi khoma. Anadzuka, natsika pa masitepe osadikira chikepe.

Kunja dzuwa linali litakwera. Anayenda mofulumira mpaka pa mlatho.

"Mwabwerera, asisi! Ndinadziwa. Imani apa. Tsamirani chitsulocho. Eya! Tsopano manjawo."

Duu anawaika m'mbali. Anawapinda pachifuwa. Anawabisa kumbuyo. M'mawa wonse manja amenewo anali ndi chogwira, tsopano ankangolendewera ngati obwereka.

"Mwetuliraniko, asisi. Kodi mwachokera kumaliro?"

Anayesa. Milomo inakana. Pansi pa mlatho panadutsa mtsikana wina akutsimphina ndi ndodo zoyendera, mnzake atamugwira pamkono, akumudikira sitepe iliyonse. Duu anakumbukira mmene Dokotala amamukolekera mkono m'khosi m'mawa uliwonse, thupi lonse kulisiya pa iye osaopa kuti amugwetsa.

"Pepani, achimwene," anatero, nayamba kuthamanga.

"Asa! Nanga chithunzi?"

Sanacheuke. Pa loboti anaima kudikira. Anakwera masitepe a nsanjika zonse zisanu osapuma, nakagwada pa benchi lija pamaso pa anthu onse.

Pansi pake panali poyera, pokolopedwa kumene. Envulopu panalibe.

5. Kachipinda ka zokolopera

"Ukufuna chiyani pansi apo? Wagwetsa ndolo?"

Anali mayi wokolopa uja. Mayiyo anamukodola, namutengera kukachipinda kakang'ono kuseri kwa chikepe, konunkha sopo, kodzaza ndowa ndi matsache. Envulopu inali pamwamba pa shelefu. Duu anatambasula dzanja, koma mayiyo anaitsekereza ndi chigongono.

"Ndi ya ndani?"

"Ya mng'ono wanga."

"Waiiwala?"

Duu anayang'ana pansi.

"Usandinamize, ndinakuona. Munthu woiwala sayamba wayang'ana kumanzere ndi kumanja. Khala pandowapo, nambala yako ikadali kutali."

Duu anakhala pandowa yovundikira.

"Ine ndili ndi mlongo wanga, wonditsatira. Tili achinyamata iyeyo anakayesedwa ntchito ya za njanji. Kunyumba nkhani inali yomweyo, m'mawa, masana. Ine ndinali wotunga madzi basi. Tsiku lina kalata yomuitana inafika iye kulibe, ndinailandira ndine. Ndinaiika pansi pa matiresi. Ndinati mawa ndimupatsa, angovutikako tsiku limodzi aone mmene zimakhalira. Mawa linafika, ndinachita mantha kuti andifunsa chifukwa chake. Sabata inatha. Mwezi unatha. Mwana uja ankapita kupositi Lolemba lililonse atachita kutchena, n'kumabwera akuti mwina sabata yamawa. Ukuganiza ntchito ija inabwera kwa ine? Anaitenga munthu wina amene sindimudziwa n'komwe. Ine sindinapate kanthu, ngakhale tulo. Lero mlongo wangayo ndi wa imvi, amakonza njinga pansi pa mtengo. Ndikapita kwawo amandiphera nkhuku, amauza ana ake kuti azakhali anu awa ndi munthu wabwino. Mawu amenewo amandibaya kuposa kutukwanidwa. Zaka makumi atatu, sindinamuuzebe. Nsanje, mwanawe, aliyense ali nayo, usadzione ngati mfiti. Imabwera yokha ngati chimfine. Koma ukangoipatsa manja ako kuti igwiritse ntchito, imakusiyira katundu woti usenze wekha mpaka kukalamba. Iwe wabwerera wekha, ine sindinabwerere. Tenga."

Duu analandira envulopu ija ndi manja awiri. Pakona imodzi inali itanyowa pang'ono.

"Zikomo, amayi."

"Zikomo wa chiyani? Pukuta m'maso, kalaliki asaganize kuti ndakumenya ndi chokolopera. Wadya?"

Anamunyemera theka la buledi wake. Duu anadyera pabenchi, maso ali pa manambala ofiira. 180. 195. Laibulale yaikulu ankaiona pawindo, denga lake lokha, kutsidya kwa msewu.

6. Windo lachitatu

Nambala 214 inayaka 2 koloko itadutsa. Kalaliki wa pawindo lachitatu anali bambo wa magalasi okhuthala, wosayang'ana anthu kumaso. Anang'amba selotepi, natulutsa mapepala, nayamba kuchonga ndi cholembera.

"Fomu iyi ndi ya za mankhwala. Satifiketi ilipo. Chithunzi chilipo. Wasaina." Chidindo chinalira, phaa! "Inayi ndi ya unamwino. Satifiketi ilipo. Chithunzi palibe. Sanasaine. Mwini wake ali kuti?"

"Fomu ndi imodzi, bambo," anatero Duu.

"Ukuti chiyani? Kweza mawu."

"Ndati fomu ndi imodzi."

"Ine ndikuona mafomu awiri. Kapena magalasi angawa ayamba kubereka?"

Anamukankhira pepalalo pansi pa galasi. Linali lodzazidwa ndi zilembo zopendekera zija, koma dzina linali la Duu, dzina lake lenileni, lonse, limene ngakhale amayi anasiya kumuitanira. Kumbuyo kwake kunali kope la satifiketi yake, imene iye ankayesa kuti ili pansi pa sutikesi. Pamwamba panali kapepala kobayidwa ndi phini wa makina a amayi.

"Achemwali, ndikanakuuzani mukanakana. Magiredi anu akukwana, ndinawerenga malamulo awo katatu. Mwendo wangawu akuudziwa ndani kuposa inu? Amalume sakanatha kukusainirani. Sainani basi, za bambo tikaonera limodzi."

Duu anawerenga kawiri. Chimene chinamudabwitsa n'chakuti nsanje ija sinachoke yonse. Kachidutswa kake kanatsala, kakunong'ona kuti taonani, ngakhale pa mtima wabwino mwana uyu wakuposanso. Koma manja ake sanakamvere.

"Mtsikana, ukusaina kapena ayi? Kumbuyo kwakoku kuli anthu."

"Fomuyi ndi yanga, bambo," anatero Duu, mokweza moti mnyamata wa pawindo lachiwiri anacheuka. "Ndisaina."

Anasaina, siginecha n'kukwera phiri.

"Chithunzi ndilibe."

"Yang'ana apa." Kalaliki anatembenuza kakamera kokhala pamwamba pa kompyuta. "Usaphethire. Basi."

Makina analira, natulutsa timapepala tiwiri toitanira ku mayeso a pakamwa. Tsiku limodzi, ola limodzi. Pa kena panali nkhope ya Dokotala, yomwetulira monga mwa masiku onse. Pa kenako panali Duu, maso ofiira, tsitsi litaima mbali imodzi chifukwa chothamanga, kachithunzi kochepa ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Kumbuyo kwake kunalibe mlatho, kunali khoma loyera basi.

Potuluka anasuzumira m'kachipinda ka zokolopera, koma munali mokhoma. Ndowa ya matayala inkamveka kulira pansanjika ina.

7. Pageti

Anafika kudepoti injini ya lole italira kale.

"Ndimati ndikusiye ukwatiwe konkuno!" anakuwa amalume. "Kwera. Watula?"

"Ndatula."

"Nanga mzinda wauona? Laibulale?"

"Denga lake."

"Chithunzi cha pa mlatho?"

"Ayi. Koma chikepe ndakwera kawiri."

"Maola asanu ndi limodzi, chikepe basi! Iwe ndiye mlendo wotchipa."

Pobwerera lole inkathamanga, mathireyi opanda kanthu akugubuduka kumbuyo. Atatuluka mumzinda, Duu anatulutsa timapepala tija n'kutiika pabondo. Amalume anaponyako diso kamodzi, kenako kachiwiri, ndipo anatsitsa wailesi.

"Tiwiri?"

"Tiwiri."

"Alamu anga akudziwa?"

Duu anapukusa mutu.

"Ine ndikangokutsitsa pageti," anatero amalume. "Mathireyiwa akuchedwa."

Anafika dzuwa likupendeka. Dokotala anali pakhonde, mwendo wa chikhakha uli pampando, akuluma chikhadabo. Atangoona nkhope ya mkulu wake anasiya kuluma. M'nyumba makina osokera ankalira pang'onopang'ono, n'kuima, monga amachitira amayi akamafunafuna bowo la singano.

Bambo anali pageti penipeni. Anatambasula dzanja Duu asanatsike n'komwe bwinobwino.

"Wayenda bwanji, mwanangu? Tione kapepala ka Dokotala wathu."

Duu anapisa dzanja m'thumba la siketi. Zala zake zinakhudza timapepala tiwiri, togundana, tofanana kukula kwake. Anayang'ana mng'ono wake pakhonde paja, anayang'ana dzanja la bambo, ndipo anatigwira tonse tiwiri.